Mzele pa Kamela ya Rachael

Kalingalinga, Lusaka
Lachiwili

Rachael mwana wathu, mwana wa mutu, watikweza tonse a kwa Mtonga! Anthu fote analembela ntchitoyi, atengapo mmodzi chabe, ndiye mwana wa ku Magodi, uja anali kuthawa ndi mbuzi yomwe. Tsiku lija munandiimbila inu atate ake ndinavina m'khichini mpaka madamu anatuluka kudzafunsa ngati ndawina chinachake. Ndinawauza kuti ine ndine ankhazi, mlongo wa atate a munthu amene azikajambula mapili ndi madambo a ku Lukusuzi, ndi msika wa pa boma womwe, zithunzi zake zizikalowa m'mabuku a anthu osunga nyama aja. Mulungu ngwabwino.

Monile adumbu anga a Haswell, mlongo wanga. Muli uli? Mwendo uja ukuti bwanji, mukali kuyenda ndi ndodo? Ine thupi lili bwino, mtima ndiwo ayi. Ndalemba kalata chifukwa foni yanu mumaiika pa sipika, ndipo nkhani iyi sindifuna khonde lonse liimve. Mukawelengele kudimba.

Ndalama za ng'ombe yanu Bulaki zinafika zonse. Ndidziwa chimene munachita, kugulitsa ng'ombe ya pa joko mvula ili pafupi, chifukwa anthu aja anati mwana abwele ndi kamela yake pa teni mwezi wamawa, apo ayi malo apatsa wina. Ndiye mumve mmene ndayendela.

Rachael anandiuza zinthu zinayi, ndinazilemba pa pepala. Kamela ikhale yopanda kalilole mkati. Ikhale yaing'ono, yoti pamsika anthu asaione msanga, chifukwa akaona chikamela chachikulu amayamba kuuma ngati apolisi kapena kutukwana. Ndifunse kuti yajambula kangati chiigulile. Chomaliza, ndisanalipile ndijambule thambo lokhalokha, ndione ngati pali timadontho.

Loweluka ndinapita mutauni ndi Yunike, mnzanga wa ku Chikomeni uja agulitsa salaula, zovala zovalidwa kale. Tinalowa mashopu atatu. Kwina atationa ndi zitenje anafunsa ngati tasochela, ati mapoto ali kuseli. Yunike anawayankha kuti mapoto tili nawo okwana kuphikila malilo awo. Tinamaliza kwa bambo wina dzina lake Jones, kashopu kake kopanikiza koma munthu woleza mtima.

Anatulutsa ziwili zolingana ndi ndalama zathu. Ina yaikulu, yakuda bii, yonyezimila, yolemela ngati njelwa. Ine mtima unapita pomwepo. Ina yaing'ono, pakona utoto unachoka. Yunike anandigwila mkono, ati iwe NyaMtonga, salaula sitiona pachifuwa, tiona kukhwapa ndi m'misoko. Ndiye ndinafunsa funso la Rachael. A Jones anandiyang'ana kawili, ati amai mwatumidwa ndi munthu wodziwa. Yaikulu ija yajambula ka 90 sauzande, inali ya munthu wa maukwati. Yaing'ono ka 11 sauzande chabe. Ati zili ngati minibasi, ikhoza kuwala kunja koma injini yayenda kale Chipata kambilimbili.

Tinatuluka panja, ndinaloza kumwamba, ndinadinikiza. Thambo linatuluka loyela, lopanda ndi kadontho komwe. Ndinajambulanso amai ena ogulitsa nthochi pamsewu, sanadziwe ndi pang'ono pomwe. Ndinalipila yaing'onoyo, pamodzi ndi lenzi yake, mabatile awili ndi chaja. M'basi ndinaikumbatila ngati khanda. Ndinasankha bwino, adumbu, ichi chokha mundivomeleze.

Manje apa ndiye povuta.

Inu mundidziwa. Zaka naintini ndikupukuta nyumba za anthu, chinthu chakuda sindingachitume kwathu. Pa Sabata nditachoka ku chalichi ndinakhala pakhonde ndi kansalu, ndinapukuta kunja konse mpaka inawala. Ndiye ndinakumbuka mmene a Jones anapotolela lenzi ija kuichotsa. Ndinapotola, inachoka. Mkati munali kagalasi kakang'ono ngati lezala, kamitundumitundu, kali poyela popanda chotseka. Pakona ndinaona kafumbi kamodzi, kaya kanalowa pomwepo. Ndinauzila. M'malo moti kachoke panagwela kamate. Ndinapukuta ndi nsonga ya chitenje, panachita chifunga. Ndinatenga mankhwala aja ndimapukutila mawindo, ndinathila pang'ono pa nsalu, ndinatikita bwinobwino monga ndichitila ndi magalasi a madamu.

Nditajambula thambo, panali mzele kuchokela pamwamba kutsika chammbali, ngati nkhuku yapalasa. Ndinajambula kasanu. Mzele pomwepo. Ndinangokhala pansi.

Dzulo ndinanama kuntchito kuti dzino landivuta, ndinathamangila kwa a Jones. Poyamba anaseka, ati amai kodi mwaichapa ndi sopo. Ataona mkati kuseka kunatha. Ati kagalasi kaja ndiye diso la kamela, dzina lake sensa, ndipo pa makamela opanda kalilole limakhala pamtunda, olo iwo salikhudza ndi chala. Ati mwina m'chitenje munali kamchenga. Anapukuta ndi timitengo take, chifunga chinachoka, koma chipsela chinatsala. Ndinawagwadila, adumbu, ine mai wa imvi, pamaso pa anthu. Ati imani amai mundichititsa manyazi, koma kubweza ndalama sangathe chifukwa anandipatsa chinthu chabwino. Sindingawanene, akunena zoona.

Anandionetsa kuti pa zithunzi za pamsewu mzele suoneka kwenikweni, umabisala m'zovala za anthu ndi m'mabasi. Koma pa thambo ndi pa dambo loyela umaonekela patali. Manje mwana ntchito yake yaikulu ndi mapili ndi thambo. Ati ena amaufufuta pa kompyuta chithunzi chimodzichimodzi, koma kaya mabwana ake angalole, ine sindidziwa.

Ndiye andipatsa njila ziwili. Yoyamba, nditenge yaikulu ija m'malo mwa iyi, osaonjezela kanthu. Thambo lake ndi loyela, ndaona ndekha. Koma ndi yolema, anthu pamsika adzaiona, ndipo a Jones anena poyela kuti ikhoza kugwila zaka ziwili kapena kufa mwezi wamawa ali pakati pa thengo. Yachiwili, ndisunge yaing'onoyi, mnzawo wokonza aitanitse kagalasi kena. Kameneko kamatenga masabata atatu kufika, kutanthauza kuti pa teni mwana ayamba ntchito ndi mzele wake, ndipo pambuyo pake kamela iyenela kubwelanso kuno masiku angapo. Yaikuluyo andisungila mpaka Loweluka lino masana chabe, pali wina aifuna.

Pali china ndiyenela kuulula. Yunike anati ndingoikulunga m'matawelo, ndiipatse kondakitala wa basi, ikafika tizinamizila mabampu a msewu wa Chipata kupita ku Lundazi, pakuti msewu suyankha. Sananene mwa nkhanza, anandimvela chisoni. Ndipo ndinakulungadi, katoni ndinamanga ndi chingwe, dzina lanu ndinalemba pamwamba. Koma ndinaganiza za mwana atapita kuthengo tsiku loyamba, wajambula tsiku lonse, abwela aonetsa mabwana ake, onse aona mzele, iye osadziwa kumene wachokela. Rachael mumudziwa, sadzanamizila msewu. Adzati ndi iye waononga, adzakhala nazo chete mumtima. Ndinamasula katoni.

Pempho langa ndi limodzi. Mumuuze ndinu, lelo lomwe mwalandila kalatayi. Ine ndayesa kawili kumuimbila Rachael, ikangolila ndidula. Mu envulopu muno ndaikamo zithunzi zinayi ndatsukitsa, ziwili za thambo, ziwili za pamsewu, kuseli ndalemba kuti iyi yaikulu, iyi yaing'ono. Aziyang'ane padzuwa, asankhe yekha, andiimbile lisanafike Lachisanu madzulo. Ine sindisankhanso, mutu wanga ndaukana. Akafuna kundikalipila andikalipile, ndidzamvela mpaka amalize. Koma musamufewetsele nkhani, musati inabwela choncho. Munene kuti ankhazi ako anapukuta ndi chitenje.

Za Bulaki sindidziwa ndinganene chiyani kwa inu. Munandikhulupilila chifukwa ndikhala mutauni, mumati ndiona zambili. Ndaona zambili zoona, koma zonse ndaziona ndili ndi nsalu m'manja. Mundikhululukile.

Kamela ili pamwamba pa kabati, lenzi ndabwezela. Kuno mphepo ya fumbi yayamba, m'mawa uno ndaona layamba kale kuigwela. Ndangoliyang'ana, manja ndaika kumbuyo.

Mupeleke moni kwa alamu anga a NyaZimba, muwauze mukaona kuti mtima wawo uli pansi. Moni kwa amama aang'ono, mafuta a mawondo aja ndidzatuma ndi katundu ameneyu. Moni kwa asibweni, amalume athu a Bornwell, ndi a m'nyumba mwawo, koma iwo asamve, mawa lake Magodi yense adziwa.

Mwezi ukatha ndi ine wolandila chilimba cha kuntchito, ndalama zija timasonkhelana mwezi ndi mwezi. Sindidzagulapo olo sopo. Ndidzatuma zonse pa foni yanu, zikhale za kagalasi kaja ngati wasankha yaing'ono, kapena mubwelekele ng'ombe yolimila ngati wasankha yaikulu. Yewo adumbu.

Ndine mlongo wanu,
Faides NyaMtonga