Masokosi Obiriwira a Madala

Okondedwa achemwali a Solène,

Muli bwanji uko ku Montréal? Alamu anga a Gaspard akadali ndi mimba yawo ija, kapena kuzizira kwaiphwetsa? Nanga Maëlle ndi Timéo akukula bwino? Ife kuno tilipo, kupatula ine amene mutu ukuwawa, ndipo wondiwawitsa ndi bambo anu. Sabata ino ndi anu nokha, ine ndawakana.

Nkhani yake ndi diski ija munapempha. Paja munati ana akufuna kuona agogo awo akuimba opera, sewero la nyimbo zokhazokha lija, asanapume ntchito mu kwaya. Madala atamva kuti sewero lawo lomaliza lijambulidwa, anakameta, ndevu kuzikonza, mafuta kunkhope ngati mkwati.

Ndiye kunabwera mkulu wokonza sewero, a Lemarchand, munthu wovala mpango m'khosi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anati safuna nyumba yachifumu, safuna malupanga, safuna nkhope ya munthu. Chilichonse choyera. Ife okankha makoma a pasiteji tinapenta mpaka mipando. A kwaya onse anawaveka mikanjo yokwekwereza pansi ndi nsalu kumutu, kabowo ka pakamwa basi, n'kumayenda ngati asenza mazira. Ndinawauza anzanga kuti ngati maphunziro amathera pamenepa, ine sukulu ndinaisiya nthawi yabwino.

Madala anafika kunyumba n'kukhala patebulo. Supu ankangoitakasa. Kenako anandifunsa kuti adzukulu awo adzawadziwa bwanji pakati pa mizukwa yonseyo. Ndinati adzamva mawu. Anati ndine chitsiru, mu kwaya amene mawu ake akumveka paokha ndiye wolakwitsa.

Lamulo lawo mukulidziwa: chobiriwira sichikwera pasiteji, chimaitana tsoka. Malaya anga a mpira obiriwira aja anawaponya pawindo chifukwa choti ndinalowa nawo kuseri kwa makatani. Munthu yemweyo, tsiku lojambula, anavala masokosi obiriwira biriwiri, ogula pamsika wa Loweruka.

Ine ndili kumbali ndagwira khoma, makamera akujambula, ndinangoona mzukwa umodzi wakweza mkanjo mpaka m'mawondo ngati ukuwoloka mtsinje. Kuyenda pang'ono, wakwezanso. Timiyendo topyapyala tija ndinatizindikira pompo kuti ndi ta kwathu.

Nthawi imeneyo Mayi Vauquelin, oimba patsogolo, anali pakati pomwalira. Amachedwa kufa mayi amenewa, ine ndimamaliza buledi ndi tchizi iwo akadali kutsanzika. Atagwa pansi, maso awo anagwera pa masokosi. Anadzambatuka, kuchita chizindikiro cha mtanda, kenako n'kukumbukira kuti ndi mtembo, n'kugonanso. Anthu anaomba m'manja poganiza kuti ndi nzeru za a Lemarchand.

Kuseri kunayaka moto. A Lemarchand ankakalipa kuti aliyense akweze mkanjo aone mapazi. Madala anangovula nsalu kumutu n'kunena kuti asavutitse anthu, ndi iwowo, ndipo akafuna awachotse ntchito, poti mawa lake akupuma kale.

Chichokereni tsiku limenelo Madala akuyenda ngati tambala. Auza wophika buledi, auza ometa, auza anzawo oponya nawo mipira yachitsulo pabwalo, kuti adzukulu awo ku Canada awaona pa kanema.

Tsono vuto ndi ili. Ndinakumana ndi Ludovic, amene amalumikiza zithunzi pa kompyuta. Anandiuza akuseka kuti a Lemarchand analamula kuti masokosi aja awayeretse paliponse pamene akuoneka. Ndinaonera ndekha, chobiriwira mulibe. Koma kudzambatuka kwa mtembo anakusiya, akuti n'kokongola.

Madala sakudziwa. Makina athu oonera diski ndawauza kuti anafa, chonsecho ndangozula chingwe kumbuyo. Sindikudziwa kuti ndibisa mpaka liti, chifukwa ayamba kunena zoitana wokonza.

Diski yanu ndatumiza. Ikangofika Madala adzaimba foni, ndipo sadzafuna inu, adzafuna ana. Chonde achemwali, musawaphunzitse bodza, Timéo uja sasunga kanthu, adzaulula asanapereke ndi moni yemwe. Ingowakhazikani pansi, muwauze afufuze mzukwa umene ukukweza mkanjo popanda chifukwa. Mtundu anafufuta, koma mawondo aja kompyuta inawalephera. Akawapeza, anene zoona zokhazokha, kuti agogo tawaona. Madala akayamba kufunsa za mtundu wa masokosi, landani foni munene kuti mawu akudukaduka.

Munthuyu wandikwana, koma moyo wake wonse waima kumbuyo kwa anzake akuimba. Aonekeko kamodzi, ngakhale ndi miyendo yokha.

Mulungu akusungeni m'chisanumo. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze achepetse batala. Anawo muwapsompsone, ndipo muwauze kuti khoma lakumanzere likuyenda lokha lija ndi amalume awo.

Ndine mlongo wanu wokongola kuposa nonse,
Bastien