Jacinta m'Nyanja ya Mchere

Lolemba, 6 Okutobala

Mtundu wonse wa Amalawi udziwe: lero mpopi wathu kuno ku Chinsapo watsokomola kawiri, kenako walavula theka la ndowa. Mbendera zikwezedwe.

Ndiye m'nyumba ya mpopi umenewu ndi momwe mwachokera mwana wokaimira dziko pa mpikisano wosambira kunja. Jacinta wanga. Osati m'kadziwe ka kuhotela ayi. Nyanja yamchere yeniyeni, makilomita asanu, mafunde, atsikana a mayiko ambirimbiri kugundana zigongono. Anyamuka Lamulungu.

Amayi ake, a Dorica, za mpopizi sanaseke.

Lachitatu, 8 Okutobala

A Swaleh aneba, kalipentala wa ku Nkhotakota uja: "Aphunzitsi, Mngoni wa ku Ntcheu ndi madzi, wapi ndi wapi? Inu chithaphwi chomwe mumawoloka mutapinda thalauzi mpaka m'khwapa." Ndawauza kuti iwo anabadwira kunyanja koma chomwe anatulukamo nacho ndi usipa wokha.

Madzulo kwabwera alamu, achimwene awo a Dorica, nkhope ya pamaliro. Akuti monga mwinimbumba sakulola. Akuti mtundu wawo ndi madzi sizigwirizana, zinaoneka kale pa Esau. Ndawafunsa ngati mtsinje wa Lilongwe unayamba wafunsa Esau za mtundu wake usanamukokolole. Mwana wanga anamira chifukwa sankadziwa kusambira, basi. N'chifukwa chake maliro atangotha ndinakamupereka Jacinta kwa wophunzitsa kusambira. Alamu amwa tiyi wawo mpaka kutha.

Lachisanu, 10 Okutobala

"Abambo a Esau." Dzina limeneli a Dorica sanalisiyebe. "Mukamukweza ndege mwanayu, ine ndikwera basi ya ku Ntcheu. Mmodzi ndinapereka kale."

Ndayankha kuti basi ya ku Ntcheu ndi yoopsa kuposa nyanja. Nthabwala yafera pomwepo, yopanda woilira.

Jacinta anaima pakhomo, zonse wamva. "Amayi, ine kutuluka m'madzi ndimadziwa." Amayi ake apitiriza kupinda zitenje.

Lamulungu, 12 Okutobala

Ndege yanyamuka. Basi nayonso.

Lachinayi, 16 Okutobala

Mpunga womwe ndaphika lero munthu atha kumangira mpanda. Digiri yonse ija, za madzi a mumphika sanatiphunzitse.

Pamsewu azimayi a kutchalitchi akundiyang'ana ngati ndapereka mwana kwa ng'ona. Ayang'ane. Ana awo omwewo mvula ikayamba azikawoloka mtsinje uja popita kusukulu, chodzitetezera chawo chokha ndi mawu akuti "usayandikire madzi".

Jacinta watumiza voisi pa foni. Akuti madziwo mchere wake ngati ndiwo za alamu aakazi, ndipo mafunde amachita kumenya makofi. Akuseka. Kumapeto wafunsa za amayi ake. Ndati ku Ntcheu netiweki ikuvuta.

Loweruka, 18 Okutobala

Tsiku lija. A Swaleh anaimika foni pa benchi m'shedi mwawo kuti tionere mpikisano, theka la Chinsapo linadzazamo. Ngakhale alamu, pampando wakutsogolo, akuuza anthu kuti "ameneyo ndi mphwanga". Ndinali nditawakonzera yankho lokoma kwambiri.

Lipenga linalira, atsikana onse phava m'madzi. Kunangotsala timitu. Kamutu kumira, kutulukira, kumiranso.

Ndinauza anthu kuti ndikukaona ngati mpopi watulutsa madzi.

Ndinakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, ine ndi mpopi wouma. Kushedi akakuwa, mtima phaa. Akakhala chete, ndiye zoopsa kuposa.

Kenako foni. A Dorica.

"Watuluka. Ali cha kumbuyo ndithu, koma watuluka. Akuyenda ndi miyendo yake."

"Mwaonera?"

"Kuyambira poyamba. Pamayenera kukhala womuyang'anira. Nanga inu?"

"Ndinali pa mpopi."

Sanandiseke.

"Mubwera liti, amayi a Jacinta?"

"Sindinaganize."

Sabata yonseyi palibe amene ndalephera kumuyankha. Koma chiyambire Jacinta kusambira, ine sindinamuonepo ali m'madzi. Ndimamusiya pageti la kosambirira, n'kutembenuka. Ndikaona mutu wa mwana pamadzi, amakhala Esau.

Kushedi akuimbabe. Muno muli zii. Ndatsuka makapu awiri, mwina a Dorica n'kutulukira.