Tsiku limene ndinapinda manja

Amayi anga, kodi kumene muliko muli bwanji?

Kuno mvula yabwera bwino, tiyi waphuka, achimwene akuthyola mpaka zala kung'aluka. Alamu abereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Nandolo wa m'munda mwanu ku Khonjeni yekha ndiye sanabereke.

Ine ndikadaphunzitsabe ana ogontha aja, amene abusa anandipatsa ataona kuti ndimalankhula ndi mng'ono wanga Esinati ndi manja, monga munkachitira inu. M'kalasi malo athu mulibe. Timakhala pakhonde la nyumba yosungira makasu, ndipo mvula ikawomba, masileti amanyowa, zonse talembazo n'kufufutika.

Sabata yatha kunabwera mzungu woyendera sukulu, kudzaona mmene tikugwirira ntchito. M'makalasi ena ana anafuula mapemphero pamodzi, iye n'kumagwedeza mutu mokondwa. Atafika pakhonde pathu, ndinachita zimene munandiphunzitsa. Paja munkati, "Pamaso pa akuluakulu uzigwada, maso pansi, manja asamayendeyende." Ndinagwada, manja ndinapinda.

Amayi, ana aja amamva ndi maso. Amayang'ana nkhope yanga ndi zala zanga. Ataona kuti ndawerama, nawonso anagwada. Mzunguyo anafunsa kudzera mwa womasulira ngati alipo wodziwa kulemba dzina lake. Esinati amadziwa, anzakenso amadziwa. Ndikanangotukula dzanja, akanalemba. Koma dzanja linalemera, ndinachita manyazi kugwedeza zala pamaso pa mlendo. Mzunguyo anadikira pang'ono, n'kupita. Za mvula yotinyowetsa sanafunse, inenso sindinanene.

Tsopano abusa akuti mwezi uno ukatha, kalasi yathu itsekedwa, poti mzungu sanaonepo chimene ana aphunzira. Anawo apita kukapalira tiyi kwa kapitawo uja amene amakwapula munthu akapanda kuyankha poitanidwa. Esinati sakudziwa. Dzulo anandifunsa ndi manja ngati mlendo uja anakondwa nafe. Ndinayang'ana kumbali.

Sindikukuimbani mlandu, Amayi. Ulemu munandiphunzitsa, manja munandiphunzitsanso, koma simunandiuze choti ndichite ziwirizi zikakumana tsiku limodzi.

Kalasi sindingathe kuibweza. Chimene ndikulonjeza n'chakuti Esinati akalowa m'munda, ine ndidzapalira mzere woyandikana naye, kuti kapitawo akaitana, ndizimugwira phewa chikwapu chisanafike.

Ndimakukondani ngati kale,
mwana wanu Alesi.