Keke ya Zaka 60 ndi Kalata ya Azakhali

KOMITI YA CHISAMALIRO CHA OGWIRA NTCHITO PACHIPATALA

Tsiku: Lachitatu, 14 Meyi
Malo: Chipinda chomwera tiyi
Opezeka: Wapampando (sisitala wamkulu), Msungichuma, wa ku labu, dalaivala wa ambulansi, Mlembi (kalaliki wa mafayilo)
Opepesa: Dokotala wa mano, amene analankhula motalika paphwando, koma lero akuti mutu

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana.

2. Phwando lotsanzikana

Wapampando anakumbutsa mamembala kuti Loweruka komiti inachitira phwando anthu awiri amene anayamba ntchito tsiku limodzi zaka 34 zapitazo: namwino wa ku wodi ya ana, ndi mayi okolopa wodi yomweyo, amene tonse timawatcha Azakhali. Namwinoyo wapuma ndi penshoni ya boma ya mwezi ndi mwezi. Azakhali sanapemphe kupuma, koma Lolemba kampani yawo inawapatsa kalata yoti mwezi uno ndi womaliza.

Dalaivala anafunsa kuti kampani yake iti. Msungichuma anafotokoza kuti okolopa onse anachotsedwa m'boma kalekale n'kupatsidwa ku kampani, ndipo akapuma amangolandira kamodzi, ndalama yosakwana lendi ya chaka. Kumeneko Azakhali analembetsa zaka zakubadwa zochepa kuti agwirebe ntchito mpaka mdzukulu wawo amalize sukulu.

Mlembi anavomera kuti ndi iye amene anafukula fayilo yakale ya boma ya Azakhali, n'kulembetsa 60 pakeke, n'kuitananso kapitawo wa kampaniyo kuti adzakhale kutebulo lapamwamba. Ankayesa akuchita zaulemu, osadziwa kuti kapitawoyo aona zaka zenizeni za Azakhali pakekepo. Akulemba izi manyazi atamugwira.

Wa ku labu anati kunama zaka ndi mlandu, ndipo aboma nawonso penshoni amaivutikira ndi malipiro ochepa. Dalaivala anayankha kuti: "Inu yanu idzakuperekezani mpaka kumanda, n'chifukwa chake malamulo mukuwaloweza bwino." Wapampando analamula kuti mawuwo asalembedwe. Mlembi anali atalemba kale.

3. Mawu a Azakhali

Azakhali anaitanidwa ndipo anakana mpando. Msungichuma anapereka ganizo loti komiti ilembere kampani kuti fayilo ya boma inali yolakwika. Onse anavomera, wa ku labu yemwe.

Azakhali anakana. Anati: "Ana anga, bodzalo linali langa, ndinalisenza ndekha, musalitole. Keke inali yokoma, ndathokoza. Koma zaka zonsezi mumandipatsa moni m'mawa uliwonse, palibe anandifunsapo kuti Azakhali, kodi amakulipirani ndani?"

Mamembala anagwirizana kuti Wapampando ndi Mlembi apite kukampani Lachisanu kukapempha chaka chimodzi chowonjezera, ngakhale Msungichuma anaulula kuti wamva kuti malowo apatsa kale munthu wina.

4. Zina ndi zina

Panalibe.

5. Msonkhano wotsatira

Lachitatu, 11 Juni, malo omwewa.

6. Kutseka

Msonkhano unatha 3 koloko. Azakhali anayamba kutolera makapu patebulo. Wapampando anaimirira n'kuwagwira dzanja kuti asiye, mamembala atsuka okha.

Azakhali anati: "Ndisiyeni, mayi. Mpaka pa 31 ndi ntchito yanga. Kapitawo akakuonani mukutsuka, andidula tsiku."

Mamembala anakhala pansi mpaka Azakhali anamaliza.

Wapampando: ____________

Mlembi: ____________