Mpeni Wotsala M'matiresi a Mfumu

Amake Giles,

Musandidikire pa chakudya. Dzulo poyala pogona Mfumu ndinabayabaya udzu wa m'matiresi ndi mpeni, monga timachitira masiku onse kuti musabisale choopsa. Mpeniwo ndinauiwala momwemo, ndipo aupeza Mfumu eni ake, ndi nthiti zawo. Angokalika pang'ono, koma asilikali awiri andiimirira pakhomo pano, akuti bwato likudikira.

Thamangirani kwa achimwene anu a Ambrose. Poti ndiwo amathirira Mfumu vinyo, akandipepesere, koma adikire Mfumuwo akhute kaye. Munditumizirenso chikhoto chaubweya chija, kumene ndikupitako akuti kumazizira.

Pepani ndithu. Mpeniwo ndi uja munandipatsa paukwati wathu, wolembedwa mayina athu tonse awiri. Chanu chikhoto chikhalenso pafupi.

Barnaby