Kofiira Kali ndi Mipando Iwiri

Lachiwiri, 4 Juni

Kalira. Kofiira kalira! Cha m'ma teni m'mawa. Kutsokomola kawiri, utsi bii galaja yonse, kenako phokoso lija ndinalimva komaliza ndili kusekondale. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kali pa njerwa, chimwalirireni Mayi. Miyezi khumi ndi inayi ine ndili pansi pake.

Bambo anali pa mpando wawo pakhomo la galaja, ndodo pamiyendo. Mbali yamanzere inafa ndi sitiroko, koma khutu ayi. Ndimadikira mawu amodzi okha. Anamvetsera, kumvetsera, basi: "Kabuleta yakumbuyo ikumwa kwambiri." Ndapita kukaona. Ikumwadi kwambiri. Chondiwawa n'chimenecho.

Kagalimoto kakale kuposa ine. Boneti yaitali, denga la nsalu lopinda, mipando iwiri. Bambo anakalandira kwa kasitomala wina amene ankasamuka, ine ndisanabadwe. Loweruka pa 22 akukwanitsa zaka 75, ndipo chimene apempha n'chimodzi: kukwera msewu wa kuphiri uja ankapita ndi Mayi, denga lotsegula. Okha sangayendetse, mwendo wa kilatchi ulibe mphamvu. Pafunika wina pa chiwongolero.

Mipando ndi iwiri. Bambo ndi wina. Ndaiwerenga kambirimbiri ngati ingachuluke.

Zikhadabo ziwiri zathyoka. Msana ukuwawa. Sindikudandaula.

Lachinayi, 6 Juni

Mabuleki. Ntchito ya anthu awiri, wina kupopa, wina pansi kutulutsa mpweya m'mapaipi. Ndinati ndiitane a Wopenta, anansi athu a shedi ya kuseri, Bambo kukana. Ati mwendo wamanja ukadalipo. Kuwalowetsa m'kagalimoto kotsika chonchi, mphindi khumi, thukuta tonse awiri. Atakhala anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi lija, n'kumachisisita. Ndinayang'ana kumbali.

Ine chagada pansi, sipanala ndi kabotolo. Popani, popani, gwirani! Iwo pamwamba, ndagwira! Ngati kale lija, kungoti kale wokuwa anali iwo, wopopa ndine, kamtsikana ka zaka naini miyendo yosafika bwino pa pedulo. Achimwene nthawi imeneyo ali m'nyumba ndi mabuku, ati girisi amawayabwa. Mpaka lero akuwayabwabe, ali mu ofesi kumzinda wina, malaya oyera.

Titamaliza Bambo anati, "Mabuleki wamanga ndiwe. Lamulo la galaja ino ukulidziwa."

Ndikulidziwa. Womanga mabuleki ndiye woyamba kuyendetsa, wina aliyense asakhudze chiwongolero. Amakaniki onse anadutsa m'manja mwa Bambo amalidziwa. Kwa ine sanalinenepo chiyambire, ngakhale galajayi ndaiyendetsa ndekha zaka ziwiri chidwalireni iwo. Lero alinena.

Ndatsuka mbale ndikuimba. Ine, kuimba!

Lolemba, 10 Juni

Fani yakale yatha ntchito, mapiko awiri ong'aluka. Ya mtundu wake kulibe, ndazungulira mashopu asanu, ena mpaka kundiseka. Ndapeza yamagetsi kwa ogulitsa zitsulo zakale, yochokera m'galimoto ina. Yakwana bwino kutsogolo kwa lediyeta. Vuto kachipangizo koiyatsa yokha injini ikatentha, komweko kulibenso. Ndiye ndaika switchi ya pamanja, pansi pa dashibodi, kumanja kwa chiwongolero. Pamsewu woongoka mphepo imakwanira. Pamtunda kapena pamzere wa magalimoto uyenera kuiyatsa wekha, apo ayi madzi awira, injini yapsa.

A Wopenta anabwera kudzaona penti yawo ngati yauma bwino. Anasuzumira n'kunena kuti, "Chemwali, matanipo kapepala apa, munthu wina sangadziwe." Ndinawayankha kuti munthu wina wake uti? Woyendetsa ndine. Kumata chipepala pa dashibodi imene ndaipala masabata atatu, iyayi.

Bambo ndawauza za switchi tikudya. Anali pa foni ndi achimwene, anangogwedeza mutu. Kaya amagwedezera ine kaya foni.

Achimwene atumiza ndalama ya matayala anayi. Zikomo kwambiri. Bambo auza a Wopenta, auza nesi wodzawawongola miyendo, auza mpaka wodzawerenga mita ya madzi. Matayala anayi, mwana wanga wamwamuna. Mapisitoni, mawaya onse, dzimbiri lija ndinadula pansi n'kuwotcherera chitsulo chatsopano mpaka maso kutupa, zimenezo zinagwa kumwamba.

Lachisanu, 14 Juni

Kokayezetsa. Popanda pepala la oyeza magalimoto sikangaloledwe pamsewu.

Ndayendetsa ndekha, makilomita sikisi. Koma abale, kamayenda! Giya yachitatu imalowa ngati ikukudikira. Anthu m'mbali mwa msewu kutembenuka. Pa mphambano yaikulu ndinaponda mabuleki mwamphamvu dala, kanaima nji, osakokera mbali. Ndinalakalaka mpando winawo ukanakhala ndi munthu. Bambo anati sakwera kopanda pepala.

Pamzere maola awiri, dzuwa lili pamutu. Kamuvi ka kutentha kanayamba kukwera, ndinayatsa switchi, kanatsika. Ntchito yanga imeneyo.

Woyeza, bambo wa mimba yake ndi cholembera kukhutu, anazungulira kawiri n'kuimba mluzu. "Mayi, amuna anu ali ndi manja, mukawauze." Ndinamuonetsa manja anga. Anaseka ngati ndanena nthabwala.

Kalephera. Handibuleki sikugwira mokwanira, nyali yakumanzere ikuyang'ana kumwamba. Zazing'ono, za ola limodzi. Koma pofika kunyumba Bambo anali pakhomo kudikira, ndipo ndisanatsike n'komwe anati, "Handibuleki eti? Ndinaimva dzana." Anaimva dzana osandiuza. Ati amafuna aone ngati ndiizindikira ndekha. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi ndikadali pa mayeso.

Sindinadye.

Lachiwiri, 18 Juni

Kakhoza.

Pepala ndinalipinda bwinobwino, kuliika m'thumba la ovolosi, kubwera nalo ngati satifiketi ya sukulu. Bambo analiwerenga mpaka pansi, ndi tizilembo tating'ono tomwe. Anandiyang'ana. Ndinaona ngati pakamwa payamba kusuntha. Kenako, "Tandipatsa foni."

Kuimbira achimwene. "Galimoto ija yatheka." Yatheka. Yokha. Inadzuka m'mawa n'kudzimanga.

Ndinapita kugalaja kukasanja masipanala osanjika kale. A Wopenta anandipeza komweko, anandigwira dzanja mwamphamvu, ati zaka zonse akhala pa ntchitoyi sanaonepo injini yakale yolira mosalala chonchi. Ndinathokoza. Koma si pakamwa pamenepo ndimafuna kuzimvera.

Zilibe kanthu. Loweruka likubwera. Pamtunda paja ndikasintha giya bwinobwino, iwo ali pambali panga, khutu lawo lija lidzamva lokha. Asanene kanthu, ndidzawaona nkhope.

Lachinayi, 20 Juni

Achimwene afika masana. Chigalimoto chawo chosintha magiya chokha chatseka khomo la galaja, kasitomala wanga wa lole anachita kuima pamsewu.

Mafuta onunkhira, nsapato zonyezimira. Anandikumbatira chapatali kuopa ovolosi. "Sisi, wagwira ntchito, galimoto yathu yawala!" Yathu. Anagogoda tayala ndi nsapato, kufunsa ngati matayala awo akwana bwino. Zithunzi makumi angati kaya, atatsamira boneti, chitsulo cha lamba chikukhudza penti. Ndinaluma mlomo. Analowa, kuyang'ana pansi, ati mapedulo atatu onsewa ndi a munthu mmodzi? Bambo kuseka mpaka kutsokomola. Chigwireni sitiroko sindinawamvepo akuseka chonchi.

Ndili ndi nsanje. Ndalemba, ndi bukhu langa. Ndimawasambitsa ndine, mankhwala ndine, kuchipatala ndine, ukali wawo wonse umathera pa ine. Wina angobwera ndi juzi yatsopano mu pepala lonyezimira, nyumba yonse yawala.

Juziyo ndi yabwino ndithu. Yofiira, ati ifanane ndi galimoto.

Lachisanu, 21 Juni

Kupolisha kawiri. Oyilo, madzi, mpweya m'matayala, zonse bwino. Petulo wodzaza. Kapilo kakang'ono ka msana wa Bambo ndakaika kale pa mpando wawo.

Ndasita diresi ya buluu. Zikhadabo ndakwecha ndi bulashi mpaka kuwawa, zakuda sizikuchoka zonse. Mpango wa Mayi uja ankamanga kumutu akakwera Kofiira ndaupeza m'sutikesi. Ndimanga mawa. Kaya aukumbukira.

Bambo apempha makiyi madzulo ano, ati akhale nawo iwo mpaka mawa. Ndawapatsa. Mwina akufuna adzandipatse ndi dzanja lawo, anthu akuona.

Loweruka, 22 Juni

Ndikulemba pa benchi ya m'galaja, diresi ya buluu ikadali m'thupi. Pamene pamakhala Kofiira pali kadontho ka oyilo ndi njerwa zinayi zija pakona.

Naini koloko. Denga ndinapinda ndine. Kuwalowetsa Bambo ndine, kapilo, lamba, juzi yofiira. A Wopenta ndi akazi awo ali pageti kudzaonerera. Ndinazungulira kupita ku chitseko changa. Bambo anatulutsa makiyi m'thumba, kuwakweza m'mwamba, n'kuitana achimwene.

Ndinati, Bambo, lamulo lija?

"Lamulo lakwana. Unayendetsa kale kawiri popita koyezetsa, mabuleki tawaona akugwira. Tsopano mchimwene wako angayendetse bwinobwino."

Ndiye ndamvetsa lero. Zaka zonsezi ndimayesa lamulo lija ndi ulemu wa mmisiri. Ayi. Womanga mabuleki amayamba ndiye kuti ngati walakwitsa lithyoke khosi lake, eni ake akwere zoyesedwa kale. Ine ndinali woyesera. Mpango sanauone n'komwe.

Achimwene ananena kuti, "Sisi, tikabwera nawenso uzungulirako." Mwaulemu ndithu. Anapopa mafuta kambirimbiri asanalize, ngakhale ndinati musapope. Injini inakhuta petulo. Kupotokola kiyi, kupotokola, kupotokola, mpaka batire gwa. Chete. A Wopenta anayang'ana pansi.

Mumtima ndinati tsopano anena kuti tsika, mpatse mwini wake. Ndinadikira. Bambo anatembenuza mutu pang'ono, osandiyang'ana bwinobwino.

"Iwe, tatikankha."

Ndinakankha. Ndi nsapato za kutchalitchi, ndinakankha. A Wopenta anathamanga kudzathandiza, ndinawakaniza, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinawauza achimwene zonse: giya yachiwiri, pondani kilatchi, ndikakuwa musiye. Kutsetsereka kwa pageti kunathandiza. Ndinakuwa, kanadumpha, kanalira. Kulira kokoma kuja. Ndinatsala pakati pa msewu manja ali m'malere. Dzanja la Bambo linakwera m'mwamba, kaya kubayibitsa ine kaya kugwira chipewa.

Pa buti patsala zidindo ziwiri za manja anga, thukuta pa polishi. Ndinaziona zikupita mpaka pokhota.

Tsiku lomwelo, masana

Switchi.

Ndakumbukira ndikuvula mpango. Kapena ndinakumbukira pageti pomwe paja, ndikunena za giya yachiwiri? Ndakhala ndikudzifunsa ola lathunthu. Zonse ndinawauza, kilatchi, giya, kusapopa. Chimodzi chokha. Ndinaiwala. Ndikuganiza kuti ndinaiwala. Ndikanamata kapepala kaja a Wopenta ananena.

Foni inali m'dzanja langa teni koloko isanakwane. Pamenepo anali asanafike pamtunda. Mawu asanu okha akanakwana. Ndinaiyang'ana, ndinaiika pa benchi, ndinapita kukamwa madzi. Izi ndiye sindinganene kuti ndinaiwala.

Mtunda uja ndi makilomita naini, wokhotakhota, Loweruka malole amakwera pang'onopang'ono. Achimwene kamuvi sakayang'ana, galimoto yawo imawaganizira zonse. Bambo maso sakuona patali chonchija, za switchi sanamve, anali pa foni. Khutu lawo lidzamva, koma injini ikayamba kumveka ndiye kuti yapsa kale. Mutu wa injini uja ndinaupala ndekha, wina ngati umenewo kulibe kulikonse. Miyezi khumi ndi inayi. Ndi munthu wodwala ali padzuwa m'mbali mwa msewu, mankhwala a masana anatsala kuno.

Foni yayamba kulira. Achimwene. Yasiya.

Yayambanso. Tsopano ndi nambala ya Bambo. Chigwireni sitiroko sanandiimbirepo okha, amati mabatani amawavuta.

Bokosi la masipanala, chigubu cha madzi, chingwe chokokera, mankhwala. Ndaika kale zonse m'pikapu ya galaja, sindikudziwa kuti ndinaziika nthawi yanji. Ndikayankha adzafunsa chinthu chimodzi chokha, ndikuwadziwa. Adzati, "Unamuuza?"

Kachitatu tsopano. Ovolosi ili pa msomali, diresi sindinavu—