Sitima Ija Isakhale pa Chiliza cha Abambo

Ilford, London
14 Ogasiti 2005

Okondedwa achimwene a Biswick,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Gladys ndi ana. Nanga amayi miyendo ili bwanji? Paja munati akumakana ndodo, ati ndi ya nkhalamba. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana ukudandaula, poti ntchito yosamalira okalambayi ndi yonyamula anthu tsiku lonse.

Nkhani ndi ya chithunzi chimene munandituma. Munati mmisiri wa ku Limbe akudikira chithunzi cha Lady Halcombe, sitima yapamadzi imene abambo anakwera popita kunkhondo, kuti aizokote pa chiliza chawo. Chithunzicho ndachipeza. Koma musavutike kukutumula envulopu, sindinachiyikemo. Werengani kaye, kukalipa mukalipe pomaliza.

Mnzanga wa kuntchito, Muchaneta, ndiye anandifufuzira pa kompyuta. Anapeza kuti anthu amene ankagwira ntchito m'sitimayo amakumana chaka ndi chaka mu holo ina ku Greenwich, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Ndinasinthana naye shifiti, ndinavala suti yanga ya kutchalitchi, n'kunyamula chithunzi cha abambo chija ali mu yunifolomu ya Keyala, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda lija. Ndinapita monyada, achimwene, ngati mwana wa mwini phwando.

Muholomo munali nkhalamba za mamendulo pachifuwa, ndipo patebulo panali keke yaikulu youmbidwa ngati sitima. Mayi wina anaimirira n'kufotokoza mbiri ya sitimayo. Anati inapangidwa ku Scotland kuti izinyamula anthu olemera popita ku Cape Town ndi ku Mombasa. Anatchula nyale zagalasi, piyano, masitepe osema ndi dziwe losambira, zonse zija abambo ankatisimbira pakhonde ife kukamwa kuli yasa.

Kenako anati nkhondo itabuka boma linailanda, n'kuipaka utoto wotuwa, kuikamo mfuti ndi kukanganula makapeti onse kuti izinyamula asilikali. Apa anthu anapukusa mitu mwachisoni. Kulira makapeti! Mayi uja mpaka anapukuta misozi chifukwa cha piyano imene inasowa. Anamaliza ndi kunena kuti nkhondo itatha sitimayo inkanyamula anthu osamukira ku Australia, mpaka anaiphwasula n'kugulitsa zitsulo. Za asilikali akuda sanatchule ngakhale liwu limodzi.

Nditaonetsa chithunzi cha abambo, anandilozera kwa mkulu wina wa pampando wamatayala, dzina lake a Walter. Iwowa anali wantchito wa m'sitimayo pa ulendo wochokera ku Mombasa kupita ku Colombo, womwewo wa abambo. Anasangalala kwambiri, anandigwira dzanja osafuna kulisiya. Ine ndi uchitsiru wanga ndinawafunsa kuti gulu la abambo linkadyera mbali iti ya chipinda cha nyale zagalasi chija.

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati asilikali akuda ankakhala pansi penipeni, mmene kale ankaikamo masutikesi, matumba a makalata ndi mahatchi a anthu olemera. Munalibe windo, poti munali kunsi kwa madzi. Chimbudzi chinali ndowa, ndipo mafunde akakula ndowazo zinkagubuduka pakati pa anthu amene anali kusanza kale. M'mawa ankawatulutsa m'magulu n'kuwapopera madzi ndi payipi. Chipinda cha nyale chija chinatsalira akuluakulu achizungu, ndipo wakuda ankalowamo pokhapokha atasankhidwa kukakolopa.

Ndikanayenera kunyamuka pomwepo, koma ndinakhalabe n'kumamvetsera.

A Walter anapitiriza, uku akudya keke. Anati belu likalira kuchenjeza kuti pafupi pali sitima ya adani yoyenda pansi pa madzi, ntchito yawo inali kuthamanga kukatseka chitseko cha zitsulo pamwamba pa makwerero, n'kukhoma loko. Ati mabwato opulumukira anali ochepa, ndiye mabwana ankaopa kuti anthu akuda angawadzadze. Ndinawafunsa kuti nanga sitima ikanaphulitsidwa. Anangokweza mapewa n'kunena kuti mwamwayi sinaphulitsidwe.

Anati chimene saiwala ndi kuyimba. Akangokhoma loko, pansipo ankayamba nyimbo, yokoma mwakuti iwo ndi anzawo ankasonkhana pachitseko kumvetsera. Anayamba kundiyimbira chuni chake chapansipansi, maso ali tsinzini. Achimwene, inali nyimbo ya kutchalitchi ija abambo ankati ikangoyamba amatuluka, ife n'kumati akukasuta fodya. Pomwepo ndinakumbukiranso mmene tinkawasekera chifukwa chokana kugona chitseko chotseka ngakhale mu Juni, amayi akulalata kuti atiphetsa ndi chisanu.

Chimene chikundinyansa koposa ndi ichi. Kirimu wa keke anali atawayenderera pachibwano a Walter, ndipo dzanja langa, pozolowera ntchito, linangotenga kansalu n'kuwapukuta. Ndinapukuta pakamwa pa munthu amene ankakhomera abambo anga loko, iye n'kunditcha mwana wabwino. Anandipatsa chithunzi cha sitimayo, n'kupempha kuti atijambule limodzi kuti akaonetse zidzukulu mwana wa mmodzi wa anyamata awo. Anyamata awo! Ndinatuluka osatsanzika, ndipo nditafika pampanda wa kumtsinje ndinasanza tiyi yense amene anandimwetsa.

Munthuyo si chilombo ayi, n'chimene chikundipweteka mutu. Ndi nkhalamba yaulemu ngati zimene ndimasambitsa tsiku ndi tsiku. Kungoti kwa iye nkhaniyi ndi yosangalatsa alendo paphwando, ndipo waifotokoza moyo wake wonse popanda womufunsa kanthu.

Sindikubisirani, poyamba ndinakwiyira abambo. Ndinati bwanji anatinamiza, mpaka ife kumadzitama kusukulu kuti bambo athu anadyera pansi pa nyale zagalasi? Koma mkwiyowo sunakhalitse. Nyalezo anaziona ndithu, ali ndi chikolopa m'manja. Zinazo bambo angauze bwanji ana ake pakhonde?

Tsopano pempho langa. Pitani ku Limbe sabata ino, mukamuuze mmisiriyo asadikirenso chithunzi, ndipo asayerekeze kujambula sitima ya m'mutu mwake. Alembe dzina lawo, nambala yawo ya Keyala ndi vesi limene amayi angasankhe, basi.

Ndikudziwa kuti maganizo a sitimayi ndi a amayi, ndipo auza kale azimayi onse a Mvano. Inu muli nawo pafupi, mukudziwa zimene mtima wawo ungapirire. Mukaona kuti n'zotheka, awerengereni kalatayi. Mukaona kuti ayi, ingowauzani kuti Effie wakana dala, andikwiyire ine. Mkwiyo wa amayi ndiupirira, ngakhale asandiyankhule pafoni mpaka Khirisimasi.

Koma chonde, achimwene, musafewe amayi akayamba kulira, paja inu misozi yawo simulimba nayo. Abambo anagonapo kale kunsi kwa sitima imeneyo, atakhomeredwa ndi anthu achilendo. Ife ana awo tisawagonekenso kunsi kwake, n'kuthira simenti pamwamba.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, ana ndi amalume a Paterson. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akupatseni mawu abwino polankhula ndi amayi.

Ndine mlongo wanu,
Effie